Bwato la ku Dwambazi ndi Kutha kwa Mitengo Ikuluikulu

Mtsinje wa Dwambazi, umene uli m'malire a maboma a Nkhotakota ndi Nkhata Bay, umatsika kuchokera kumapiri a nkhalango n'kukathira m'nyanja ya Malawi. Kale mmisiri wosema bwato sankayenda mtunda wautali. M'mbali mwa mitsinje yotere munali mitengo ya mbawa ndi chonya, yoti amuna awiri sakanatha kuikumbatira. Iye ankangosankha thunthu lowongoka, kuligwetsa, kenaka kuliboola ndi nkhwangwa ndi kasemasema. Pakamwa pa bwatolo ankapasiya popapatiza, milomo yake yopindikira m'kati, kuti mafunde a mwera asamakhuthukiremo.

Luso lolumikiza matabwa silachilendo kunyanja kuno. Aswahili a Jumbe, amene anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, ankapanga zombo zoyendera mphepo, ndipo David Livingstone anapeza chimodzi chikukhomedwa kumeneko mu 1863. Zombozo zinkaolotsa minyanga ndi akapolo. Msodzi wamba analibe nazo ntchito, pakuti mtengo umodzi unkamukwanira.

Chimene chinasintha zinthu ndi kutha kwa mitengoyo. Minda inakula, ocheka matabwa ndi ootcha makala analowa m'nkhalango, ndipo mbawa yoti ikwane bwato imatenga zaka makumi angapo. Lamulo la za nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kudula mitengo m'nkhalango zotetezedwa popanda chilolezo. Nkhalango ya nyama ya Nkhotakota nayo inayamba kuyang'aniridwa ndi bungwe la African Parks mu 2015, ndipo inatchingidwa ndi mpanda.

Ena amati malamulowa anapha luso la makolo. Kunena zoona, kasemasema sanagone. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo amisiri anatembenukira ku mtengo wa mango umene unali pakhomo pomwe. Mango ndi wofewa, suchedwa kuola, ndiponso thunthu lake kawirikawiri limakhala lalifupi ndi lokhota. Mmisiri wa mbawa ankaulamula mtengo, koma wa mango amayamba wauzungulira, kuuyang'anitsitsa, kuti aone kumene mphuno ya bwato ingaloze. Pong'aluka amaphimbapo ndi kachitsulo ka lata kapena chidutswa cha chigubu, n'kumata ndi phula. Bwato la zigamba lotere alendo amaliseka, chonsecho kuti chigamba chisadonthe pakati pa nyanja usiku, pa nthawi yokola usipa, pamafunika dzanja lodziwa.

Enanso anabwerera ku nzeru ya matabwa ija. Boti la matabwa silifuna chimtengo chimodzi chachikulu, limanyamula chilimira ndi anthu ambiri, ndipo kumbuyo kwake kumakhala malo a injini. Vuto lake ndi mtengo wogulira. Matabwa, misomali ndi utoto zimafuna ndalama zimene msodzi wa mbedza alibe, kotero iye amapalasabe bwato la mango, n'kumakapa madzi ndi kachitini.