Soketi

Ambiri tikamva mawu akuti soketi timaganiza za pakhoma pomwe timalowetsa pulagi ya wailesi kapena chaja ya foni. Kwa munthu wolumikiza yekha kompyuta ya patebulo, soketi ndi kamalo ka makona anayi pa motherboard (bodi) pomwe pamakhala purosesa. Dzina la soketi ndilo limanena mapurosesa amene angakhalepo, choncho ndi bwino kuliwerenga musanafunse n'komwe mtengo.

Pa soketi za Intel, nambala ya m'dzinalo ndi kuchuluka kwa timapini: LGA 1700 ili nato 1700, ndipo tonse tili pa bodi. Pa AM4 ya AMD, yomwe inatuluka mu 2016, timapini 1331 tili pansi pa purosesa, ndipo timapindika msanga mukaigwira mwaphuma. Wa ndalama zochepa amaikondabe AM4 chifukwa imayenda ndi RAM ya DDR4, pomwe AM5 ya mu 2022 imalola DDR5 yokha.

Koma dzina lokha likhoza kukupusitsani, makamaka pogula zakaunjika. Purosesa ya Core i5-8400 ndi ya LGA 1151, ndipo imakhala bwinobwino pa bodi yakale ya H110 yomwe soketi yake ili ndi dzina lomwelo. Mukayatsa, zii! Imafuna bodi ya chipset ya m'gulu la 300, monga H310 kapena B360. Nayo bodi ya B450 yakale, ngakhale ndi ya AM4, siizindikira Ryzen 5 5600 mpaka mutaiikira BIOS yatsopano.