Blantyre wakale ali pafupi ndi Thuchila

Kwa anthu ambiri a ku Thuchila, Blantyre ndi msika ndi chipatala basi. Timakwera minibasi pamsewu wa Midima, kutsikira ku Limbe, kugulitsa nandolo, kupikula katundu, n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Chonsecho ndalama yomweyo ya thiransipoti ingathe kutifikitsa pa nyumba zimene agogo a agogo athu anaziona zikumangidwa.

Mzindawu unayamba ngati mishoni mu 1876, pamene Henry Henderson wa Church of Scotland, motsogoleredwa ndi Tom Bokwito, anasankha malo m'dera la mfumu Kapeni. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Mbusa David Clement Scott, amene anatsogolera ntchitoyi, sanaphunzire zomangamanga. Anthu akuno amene ankaumba njerwa, kuziwotcha ndi kuzisanja anali asanamangepo nyumba yotere. Lero dzina la Scott aliyense amalitchula, koma maina a amisiri aja samveka, ndipo ine zimandiwawa. Mukafika, imani pafupi ndi khoma muone mmene njerwa zinaumbidwira mosiyanasiyana. Imeneyo ndi ntchito ya manja a anthu athu.

Kuchoka apo, yendani wapansi kukaona Mandala House, ya kampani ya African Lakes, yomwe inamangidwa mu 1882. Ku Chichiri kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale, ndipo panja pake pali injini ya sitima yoyendera nthunzi. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908 kudzera ku Luchenza, kufupi ndi kwathu komweku.

Ulendowu sufuna thumba lalikulu. Nyamukani Loweruka m'mamawa ndi mbatata yophika, mukagone kwa achibale ku Bangwe kapena ku Ndirande. Lamulungu mukapemphere nawo m'tchalitchi chija.

Pobwerera musathamangire kunyumba. Patukani ku Chiradzulu mukafike ku Mbombwe, kumene John Chilembwe anayambitsa Providence Industrial Mission mu 1900. Ataukira atsamunda mu Januwale 1915, boma linagumula tchalitchi chake. Iye anathawira chakum'mawa, kulowera ku Mozambique, koma sanawoloke malire. Anamuwombera pa 3 Febuluwale 1915 m'dera lomwe panthawiyo linali boma lathu la Mulanje.