Nkhope Papepala: Magazini a Nyimbo ndi Achinyamata a mu Lusaka

M'phunziro la mbiri yakale la lero tikamba za mapepala amene anyamata ndi atsikana a mu Lusaka ankalimbirana, nawabisa m'kati mwa mabuku a masamu, ndi kuwamata pazipupa za kuchipinda.

Ku Kabwata kuli msewu wotchedwa Paul Ngozi Road. Mwini dzinali sanali nduna ya Boma kapena mkulu wa asilikali. Anali woimba gitala, wobadwa mu 1949, ndipo anamwalira mu 1989. Kuti timvetse m'mene mnyamata wa m'tauni anafikira pofuna kukhala woimba wotere, tiyenera kubwerera m'mbuyo ndi kuona zimene achinyamata ankamva ndi makutu, ndiponso zimene ankaona ndi maso.

Mu 1949 kunafika wailesi yotsika mtengo yotchedwa Saucepan Special, popeza inkaoneka ngati sefuliya. Mtengo wake unali mapaundi 5, batire padera. Mabanja ambiri anayamba kumvera nyumba ya wailesi ya Central African Broadcasting Station, imene inali mu Lusaka, ndipo mawu a Alick Nkhata anadziwika m'midzi ndi m'migodi momwe. Komatu wailesi imapatsa munthu mawu okha, nkhope ayi. Womvera amatsala ndi mafunso: kodi woimbayu ndi wamtali? Amavala chiyani? Gitala amaigwira motani? Motero mu 1952 kunayamba kutuluka magazini ya omvera wailesi yotchedwa The African Listener, m'mene munali ndondomeko ya mapologalamu, zithunzi, ndi makalata a omvera. Apa ndi pamene ambiri anaonera koyamba eni ake a mawu amene ankawamva madzulo.

M'zaka zomwezo kunkabweranso magazini ochokera kumwera. Drum inayamba ku South Africa mu 1951, ndipo African Parade inayamba ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, mu 1953. Awa sanali magazini a nyimbo zokha, koma akonzi ake anadziwa kuti nkhope ya woimba imagulitsa pepala. M'masamba a Drum munkaoneka Dolly Rathebe ndi Miriam Makeba atavala mochititsa kaso. Taganizani mtsikana wa ku Kabwata wa nthawi ya atsamunda, amene m'mabuku ake a kusukulu munali mafumu a ku England, akuona mkazi wakuda ngati iye mwini ali pa tsamba lonse lathunthu.

Tsono tiime pang'ono, tione nzeru zimene magazini a nyimbo amakopera nazo achinyamata, pakuti nzeruzo sizinasinthe kwenikweni. Yoyamba ndi chithunzi chachikulu chimene mwana angathe kudula ndi kumata pachipupa. Ina ndi mndandanda wa nyimbo zogulidwa koposa. Nyuzipepala ya nyimbo ya ku London, New Musical Express, ndiyo inayamba kusindikiza mndandanda wotere ku Britain mu November 1952. Mndandanda umasandutsa nyimbo kukhala ngati mpikisano wa mpira: sabata ino wanu ali pamwamba, sabata yamawa wagwa, ndipo inu simungachitire mwina koma kugulanso pepala kuti mudziwe. Koma nzeru yamphamvu kuposa zonse ndi tsamba la makalata. Mnyamata amene kwawo saloledwa kuyankha akulu akaona dzina lake litasindikizidwa, amamva kuti naye ndi munthu. Magazini imamulankhula monga mnzake, pamene kunyumba ndi kusukulu onse amamulankhula monga mwana.

Zambia italandira ufulu mu 1964, Lusaka inakula msanga. Nyumba za kumayadi, monga ku Kabulonga ndi ku Woodlands, kumene kale kunkakhala azungu, zinayamba kulandira mabanja a akuluakulu a ntchito za Boma. M'masitolo a mabuku a mu Cairo Road munkapezeka malekodi ndi mapepala a kunja. Ogula anali owerengeka, koma owerenga anali ambiri, chifukwa pepala limodzi linkayenda m'manja mpaka kuthetheka. Logulidwa ndi mwana wa ku Kabulonga linkatha kukagona ku Kabwata kapena ku Chelstone, masamba a zithunzi atadulidwamo kale.

Kodi m'mapepalamo ankaonamo yani? Ankaona The Beatles, The Rolling Stones ndi Jimi Hendrix, wakuda wa ku America amene ankaliza gitala ndi mano. Mu December 1970 James Brown anadzaimba yekha muno m'Zambia. Anyamata anatengera zonse: tsitsi lalikulu, mathalauzi otambalala kumapazi, nsapato zazitali zidendene, ngakhale maina. Emmanuel Chanda wa gulu la WITCH la ku Kitwe anatchedwa Jagari potengera dzina la Mick Jagger. Paul Nyirongo anatchedwa Paul Ngozi, nayenso ankaliza gitala ndi mano. Makolo ambiri ankadandaula kuti ana asochera, ndipo kudandaulako kunali ndi pake. Nyimbo zambiri zoyamba za magulu amenewa zinali m'Chingerezi, pakuti pepala linali litawaphunzitsa kuti woimba weniweni amaimba choncho.

Boma silinangoyang'ana. Mu 1971 Unduna wa Maphunziro unayambitsa magazini ya ana a sukulu yotchedwa Orbit. Iyi sinali ya nyimbo, koma inabwereka nzeru zomwe zija: zithunzi zamitundumitundu, nkhani zojambula, ndi makalata a owerenga, kusiyana kwake n'kwakuti ana ojambulidwamo anali a Zambia. Kenaka, chapakati pa zaka za m'ma 1970, Mtsogoleri wa dziko Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za muno. Oimba anapeza msika. Edward Khuzwayo wa Zambia Music Parlour ndi kampani ya Teal ku Ndola anatulutsa malekodi ochuluka. Mu 1975 munatuluka Africa ya gulu la Amanaz ndi Lazy Bones!! ya WITCH, ndipo mu 1976 Day of Judgement ya Paul Ngozi ndi Ngozi Family. Masamba a zosangalatsa a Times of Zambia ndi Zambia Daily Mail, pamodzi ndi zikuto za malekodi, anayamba kugwira ntchito imene kale inkagwiridwa ndi magazini a kunja. Mnyamata amene dzana ankamata nkhope ya mlendo pachipupa tsopano nkhope yake inali pachipupa cha mnzake. Nyimbo zimenezi ndizo zinatchedwa Zamrock, ndipo Paul Ngozi anaimba zambiri m'Chinyanja cha m'makomboni, zonena za moyo wa anthu wamba.

Komabe ine ndiona kuti mapepalawo anali ndi diso limodzi. Achinyamata amene ankawaonetsa anali a m'tauni, ndipo makamaka amuna. Violet Kafula, amene ankaimba ndi gulu la Crossbones, anali mmodzi wa akazi ochepa otchuka. Mnyamata woliza kalimba kumudzi, kapena mtsikana wotsogolera nyimbo pa chimtali, sankakhala pachikuto kawirikawiri, chifukwa wogulitsa pepala amayang'ana kumene kuli ngwee.

Nthawiyo sinakhalitse. Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, ndalama zogulira zinthu zakunja zinasowa, ndipo malamulo oletsa kuyenda usiku anatseka madansi ambiri. Mu 1978 Alick Nkhata anaphedwa pamene asilikali a Rhodesia anaukira dera la Mkushi. M'zaka za m'ma 1980 anthu anatembenukira ku kalindula ndi disiko, ndipo matenda a Edzi anatenga oimba ambiri. Jagari Chanda anasiya gulu nakhala mphunzitsi wa nyimbo, monga ena mwa inu.

Patapita zaka zambiri, anthu a kunja anayamba kufunafuna malekodi akalewo. Mu 2017 kampani ya Now-Again ya ku America inatulutsa Welcome to Zamrock!, pamodzi ndi mbiri imene Leonard Koloko anathandiza kulemba. WITCH inatulutsa chimbale chatsopano, Zango, mu 2023, ndipo mu 2024 woimba wa ku America Tyler, the Creator anaika chigawo cha nyimbo ya Ngozi Family m'nyimbo yake Noid. Magazini a ku London ndi ku New York anasindikiza nkhope ya Jagari, mkulu wa imvi.

Aphunzitsi, pemphani ana afunse agogo awo ngati m'sutikesi muli chikuto cha lekodi kapena tsamba lakale la nyuzipepala lokhala ndi woimba. Akabwera nalo musalimate pachipupa ndi phala, pakuti pepala lakale silichedwa kung'ambika. Liikeni pakati pa makatoni awiri, ndipo mwana alembe m'kope mwake dzina la woimbayo, chaka ngati chikuoneka, ndi kumene agogo analipeza.