Kodi Nkhuku Zathu Zidachokera Kuti?

Amayi anzathu, ambiri a ife tidabadwa nkupeza nkhuku zikupalasa pabwalo, tsono timayesa kuti zidayambira kuno kwathu. Iyayi, nkhuku ndi mlendo wochokera kutali ndithu. Kholo lake ndi mbalame yamtchire imene ikupezekabe m'nkhalango za ku Asia, m'maiko monga Thailand, Myanmar ndi India. Tambala wake ndi wofiira, wa mchira wakuda wonyezimira, wofanana kwambiri ndi atambala athu a m'mudzi.

Anthu ophunzira amene amafukula zinthu zakale adalengeza m'chaka cha 2022 kuti mafupa akale koposa a nkhuku zoweta adapezeka pamalo otchedwa Ban Non Wat ku Thailand. Mafupawo ndi a pakati pa zaka za 1650 ndi 1250 Yesu asanabadwe. Iwo akuganiza kuti mbalamezi zidatuluka zokha m'tchire potsata mpunga ndi mapira za m'minda, kufikira zidazolowera anthu. Ife izi sitikudabwa nazo, pakuti tikangoyamba kupeta mphale nkhuku zonse zimathamangira pansi pa lichero.

Kuchokera kumeneko nkhuku zidayenda ndi amalonda, pamtunda ndi pa zombo. Ku Ethiopia zidafika zaka mazana angapo Yesu asanabadwe. Chodabwitsa nchakuti m'maiko ena a ku Ulaya poyamba sankazidya konse. Ankaziweta monga mbalame zaulemu, ena nkumazimenyanitsa. M'nthawi ya Ambuye wathu zidali zitawanda ku Yerusalemu, ndi chifukwa chake timawerenga za tambala amene adalira usiku uja Petro atakana Mbuye wake. Kumbali yathu ino zidafika mochedwa. Mafupa ake amapezeka m'midzi yakale ya m'mphepete mwa nyanja ya mchere ya kum'mawa kwa Afirika, ya zaka za m'ma 700 Yesu atabadwa.

Itafika kwa makolo athu, nkhuku idalowa m'mwambo. Mlendo wolemekezeka timamuphera nkhuku. Pa chinkhoswe akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi msoti. Ngakhale ndalama yathu yaing'ono, imene idayamba mu 1971, dzina lake ndi tambala. Koma chachikulu nchakuti nkhuku ndi chiweto cha mayi. Ng'ombe sitingaigulitse popanda kukhalirana pansi ndi abambo ndi achibale, koma mwana akadwala usiku, m'mawa timagwira thadzi limodzi ndipo ya ulendo wa kuchipatala yapezeka.

Ngakhale nkhuku zoyera za nyama zidayamba ndi mayi. Mu 1923 Mayi Cecile Steele a ku Delaware, ku Amerika, adaitanitsa anapiye 50, koma adawatumizira 500. Sadabweze ayi. Adawalera nkuwagulitsa a ndiwo, napindula, ndipo anansi awo adatengera. Lero nkhuku zotere zimakula pa masabata asanu ndi limodzi okha, ndipo zoikira zimafika mazira 300 pa chaka, pamene yamtchire ija imangoikira ochepa oti ifungatire. Koma tinene zoona, msuzi wake sufika pa wa nkhuku ya chikuda, ndiponso zambiri zoikirazo zidaiwala kufungatira.

Kuno boma lidayesa njira ina. Lidabweretsa nkhuku zakuda za mtundu wa Black Australorp, wochokera ku Australia, kuti zisakanizike ndi zathu. Popeza zinkaswedwa ku Mikolongwe, anthu adangozitcha mikolongwe.

Mdani wamkulu ndiye chitopa. Nthenda imeneyi idadziwika koyamba mu 1926 pa chilumba cha Java, ndipo Azungu amaitcha ndi dzina la mzinda wa Newcastle ku Mangalande. Ikalowa m'mudzi m'nyengo yotentha imasesa makola onse, mayi nkutsala manja ali m'khosi. Mankhwala ochiza palibe, koma katemera wodonthetsera m'diso alipo, ndipo alangizi a ziweto amati tizitemera katatu pa chaka, nkhuku zisanayambe kuodzera.