Njira ya maselo a rod mu retina

Njira ya maselo a rod ndi kalumikizidwe ka maselo a mu retina kamene kamathandiza munthu ndi nyama za m'gulu la anyani kuona mumdima. Retina ndi kachikopa kopyapyala koyala mkati mwa diso chakumbuyo, ndipo kamasandutsa kuwala kukhala uthenga wopita ku ubongo.

Maselo olandira kuwala

Mu retina muli mitundu iwiri ikuluikulu ya maselo olandira kuwala: a cone, amene amagwira ntchito masana, ndi a rod, amene amagwira ntchito kuwala kukachepa. Max Schultze wa ku Germany ndi amene anafotokoza kusiyanaku mu 1866. Kafukufuku wa Christine Curcio ndi anzake wa mu 1990 anapeza kuti retina ya munthu ili ndi ma rod pafupifupi 92 miliyoni ndi ma cone 4.6 miliyoni. Ma rod ali ndi puloteni yotchedwa rhodopsin, imene imafuna vitamini A kuti igwire ntchito. Selo limodzi la rod limatha kuzindikira ngakhale photon imodzi, yomwe ndi kachigawo kochepetsetsa ka kuwala.

Mmene uthenga umayendera

Masana uthenga umachoka mu selo la cone, kudutsa mu selo la bipolar, n'kufika mu selo la ganglion, limene mtsempha wake umapita ku ubongo. Ma rod alibe njira yawoyawo yotere. Ma rod ambiri amapereka uthenga ku selo limodzi la rod bipolar, ndipo ma rod bipolar angapo amautumiza ku selo la amacrine lotchedwa AII. Helga Kolb ndi Edward Famiglietti anafotokoza selo limeneli mu 1974 pofufuza maso a mphaka, ndipo limapezekanso mwa anyani ndi anthu.

Selo la AII limalowetsa uthengawo mu njira ya ma cone. Limalumikizana mwachindunji ndi maselo a cone bipolar a mtundu wa ON, onena kuti kuwala kwawonjezeka, ndipo limaletsa a mtundu wa OFF pogwiritsa ntchito glycine. Choncho usiku ma rod amabwereka njira ya masana.

Zotsatira zake

Popeza ma rod ambiri amasonkhanitsa uthenga wawo pamodzi, diso limazindikira kuwala kochepa kwambiri, koma ubongo sudziwa bwino selo limene lalandira kuwalako. N'chifukwa chake usiku zinthu zimaoneka mwachimbuuzi. Mitundu siioneka chifukwa ma rod onse ali ndi rhodopsin yofanana. Pakatikati pa retina, pamalo otchedwa fovea, palibe ma rod, motero nyenyezi yosawala kwambiri imaoneka bwino munthu akayang'ana pambali pake pang'ono. Maso amatenga mphindi pafupifupi 30 kuti azolowere mdima.

Nyama zoyenda usiku

Changa ali ndi kachikopa konyezimira kuseri kwa retina kotchedwa tapetum lucidum, kamene kamabweza kuwala kuti kadutsenso pa ma rod. Anthu, anyani ndi apusi alibe kachikopaka. Pusi woyenda usiku wa ku Central ndi South America wotchedwa Aotus nayenso alibe, koma amadalira maso akuluakulu ndi kuchuluka kwa ma rod.

Matenda

Kusowa kwa vitamini A kumachititsa munthu kusaona bwino dzuwa likalowa, ndipo vutoli limachizika. Anthu ena amabadwa ndi vuto m'majini monga GRM6 ndi TRPM1, limene limalepheretsa maselo a rod bipolar kulandira uthenga ngakhale ma rod ali bwinobwino.