Mbiri ya Tulo ta Wopumira M'makina

Akuluakulu a ku Nsanje, amene adaona amuna akubwera ku Joni pa nthawi ya Wenela atanyamula masutikesi ndi mabulangete, akukumbukiranso kuti ena mwa amunawo adabwera ndi fumbi la m'migodi m'mapapo, ndipo chifuwa chao sichidawasiye kufikira tsiku la kumanda. Amayi nawonso, popuma utsi wa nkhuni m'khitchini chaka ndi chaka, mapapo ao amatha mwakachetechete. Munthu wotere mpweya ukamthera, ulendo wake ngwautali: kudzera ku Bangula ndi ku Nchalo, kuoloka Shire, kukwera zitunda za Thabwa, kufikira ku Gulupu ku Blantyre, kumene kuli chipinda cha odwala mwakayakaya.

Luso lopumitsa munthu amene mpweya wamthera lidakula ku Copenhagen m'chaka cha 1952, pamene mliri wa poliyo udapha minofu yopumira ya anthu ochuluka, ndipo dokotala Bjørn Ibsen adalangiza zoika paipi pakhosi, ophunzira udokotala namafinya thumba la mpweya ndi manja usana ndi usiku. Makina atalowa m'malo mwa manja, padabuka vuto lina, pakuti nkovuta kuti munthu apirire paipi kummero osalimbana nayo. Motero madokotala ankamgonetsa tulo tatikulu ndi morphine ndi diazepam, poyesa kuti ndicho chifundo.

Komatu kwa wa mapapo okalamba ndi matenda, tulo totere ndi msampha, chifukwa mankhwalawo amaziziritsa khumbo la thupi lofuna kupuma, minofu ya m'chifuwa nkulefuka, kotero kuti kumletsa makinawo kumasanduka ntchito yoposa kuletsa mwana kuyamwa. M'chaka cha 2000 John Kress ndi anzake ku Chicago adaonetsa kuti kuimitsa mankhwalawo tsiku lililonse, wodwala nadzuka pang'ono, kumafupikitsa nthawi ya pa makina ndi masiku oposa awiri. Ndipo mu 2010 madokotala a ku Odense adapumitsa odwala ali maso, akungowachepetsera ululu.

Nzeru imeneyi njabwino, koma imalira namwino wokhala pambali pa bedi, woyang'ana nkhope ya wodwala ndi kumgwira dzanja akadzidzimuka, paja kuona maso a nkhono nkudekha. Inu osunga chuma cha dziko, pogula makina kumbukirani kuphunzitsa anamwino ndi akatswiri ogonetsa odwala, ndipo ena mwa iwo muwatumize kuno ku Chigwa cha Shire.