Mbiri ya Chipata m'Zakudya Zace

Anthu ambiri ocokera ku Lusaka angopyola pa Chipata mofulumira, ena ali pa ulendo wa ku Malawi kudzera pa Mwami, ena akunka ku cigwa ca Luangwa kukaona nyama. Koma mlendo amene apatula masiku awiri kapena atatu, nakhala pansi kudya cimene eni dziko adya, angaphunzire mbiri ya deralo bwino lomwe, pakuti mtundu uliwonse umene unafika kumeneko unasiya cizindikiro cace m'munda ndi m'mphika.

Ulendo wotere uyenera kuyambira ku phanga la Thandwe, kufupi ndi Chipata, kumene kuli zithunzi zolembedwa pa thanthwe. Wofukula zakale D. W. Phillipson atakumba pamenepo, anapeza zida za miyala, mafupa a nyama ndi mapale a mbiya. Anthu oyambawo sanali kulima; cakudya cao cinali nyama, uci, mizu ndi zipatso za m'thengo. Pambuyo pace panafika alimi odziwa kusula citsulo, ndipo m'kupita kwa nthawi Acewa anadzaza dziko, akulima mapira ndi mawere.

Cimanga cimene lero ciri mwini nkhokwe ndi mlendo ndithu. Ico pamodzi ndi nsawa zinacokera ku America pa zombo za Apwitikizi citapita caka ca 1500, ndipo zinalowa m'kati mwa dziko pang'ono pang'ono potsata njira za malonda. Amai anazilandira nazisandutsa zao, kotero kuti nsima ndi ciwawa cotendera ndi nsinjiro zioneka ngati zinaliko ciyambire. Nsawa zazikulu za mtundu wa Chalimbana zinachukitsa dera la Kum'mawa, ndipo pa Msekera, kunja kwa Chipata, pali malo a Boma oyesera mbeu.

Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi m'mwezi wa November 1835, tsiku limene dzuwa linada masana. Patapita zaka zambiri za maulendo ndi nkhondo, mwana wace Mpezeni anadzakhazikika m'mapiri a deralo. Cuma ca Angoni cinali ng'ombe, ndipo anakonda nyama ndi mkaka wowawasa. Koma popeza anakwatira akazi ambiri a Cinsenga ndi a Cicewa, ana ao anakula akulankhula cinenero ca amai ao ndi kudya ndiwo za amai ao. Ogonjetsa ku nkhondo anagonja pa mafuwa.

Mwambo umodzi anausunga kolimba, ndiwo Nc'wala. Lamulo lace linali lakuti munthu asalawe za m'munda zatsopano mfumu yaikulu isanalawe ndi kuyamika Mulungu ndi mizimu ya makolo. Motero kudya cimanga cacisiwi sikunali nkhani ya njala yokha ai, koma umboni wakuti dziko liri ndi mwini wace.

Umboni umenewu unathyoka mu 1898. Mjeremani wina, Carl Wiese, anati Mpezeni anampatsa cilolezo ca dziko, ndipo kampani ya North Charterland inakhulupira kuti m'menemo muli golidi wambiri. Mkangano utakula, asilikari ocokera ku Nyasaland anafika m'mwezi wa January ndi mfuti za Maxim, ndipo mikondo ndi zishango sizinathe kulimbana nazo. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera ankhondo, anaomberedwa m'mwezi wa February. Ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa, midzi inatenthedwa, ndipo Nc'wala inaleka. Mlendo wofuna kumva zambiri za Nsingo apite ku Feni, kumene kuli nyumba yosungira zakale yochedwa dzina lace.

Mu 1899 Azungu anamanga Fort Jameson, imene inakhala likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911. Golidi amene anayembekeza sanaoneke, ndipo nthaka yabwino inasanduka minda ya fodya ya Azungu. Eni dziko anapanikizidwa m'malo ocepa, nthaka inaguga, ndipo amuna ambiri anapita kukafuna nchito ku Southern Rhodesia kuti apeze ndalama za msonkho. Amwenye amalonda anayamba kufika ca m'ma 1905 kudzera ku Nyasaland. Misikiti yao ndi masitolo ao ziri zoonekera m'tauni kufikira lero, ndipo samusa wao analowa pa msika pambali pa zitumbuwa. Dziko litalandira ufulu mu 1964, dzina la Jameson linacotsedwa, ndipo tauni inachedwa Chipata.

Nc'wala inaukanso mu 1980, m'nthawi ya Mpezeni wacitatu, patapita zaka 82. Tsopano icitika pa Mtenguleni, pa Loweruka lotsiriza la February. Mfumu ilawa zoyamba kuca monga cimanga, maungu ndi mizimbe. Ng'ombe yakuda yamphongo ilasidwa ndi mkondo, mfumu imwako mwazi wace, ndipo amuna obvala zikopa abvina ngoma. Acewa nao anautsa Kulamba mu 1984. Pa Loweruka lotsiriza la August mafumu a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana pa Mkaika, ku Katete, kudzapereka mitulo kwa Kalonga Gawa Undi ndi kumfotokozera za moyo wa anthu ao. Kumeneko kubvinidwa Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamuika pakati pa cuma ca anthu onse mu 2005.

Wosakhoza kufika pa masiku awiriwa asadandaule. Pa msika wa Kapata apeza nsawa, nyemba, mfutso ndi thobwa, ndipo m'cirimwe anyamata agulitsa mbewa zofutsa m'mbali mwa mseu, ndiwo imene anthu a Kum'mawa sacita nayo manyazi. Asambe m'manja, akhale pansi, afunse dzina la ndiwo iriyonse ndi kumene inacokera. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Koma amene anadyako ndi kufunsa abwerera kwao akudziwa cifukwa cace anthu a kumeneko ayesa kulawa cimanga coyamba cinthu cacikuru.